Amayi Khumi ndi Awiri, Foni Imodzi

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wochokera kuno ku Chikwawa. Ine ndine Rozina, ndimagwira ntchito mu ofesi ina pa boma pano, koma kwathu ndi ku Makhanga. Ndikufuna ndikuuzeni za nthawi imene ananditcha wabodza pamaso pa anthu ophunzira, mpaka kutsala pang'ono kundichotsa sukulu. Ndikaikumbukira nkhaniyi mtima umawirabe, ndiye mundikhululukire mawu ena akatuluka otentha.

Ndinkachita digiri yachiwiri ya kayendetsedwe ka bizinesi pa sukulu ina ku Blantyre. Zaka ziwiri zathunthu, Loweruka lililonse ndinali m'minibasi kukwera phiri, ana nditawasiya kwa achemwali anga. Ntchito yomaliza inali yoti aliyense apeze kampani yeniyeni, aone pamene ikudwala, aiwuze njira yoti iyendemo. Anzanga anathamangira mabanki ndi makampani akuluakulu. Ine ndinasankha kakampani kena kogula mlamba wowamba kwa amayi a kwathu, n'kumakaugulitsa m'mashopu a m'tauni. Vuto lake linali loti nsomba zinkachita nkhungu zisanagulidwe, ndipo eni ake anali ataganiza kale zogula galimoto ya firiji.

Ndinatenga tchuthi, ndinakakhala ndi amayiwo milungu itatu pamene amawambira nsomba, utsi uli m'maso, zovala zonse fungo lokhalokha. Zimene ndinapeza zinali zapoyera, kungoti panalibe amene anadzichepetsapo kukafunsa. Kampaniyo inkagula pa sikelo. Tsono nsomba ikauma bwino imapepuka. Ndiye mayi wosamala, amene watha nkhuni zake kuumitsa mlamba mpaka gwa, ndi amene ankalandira zochepa. Amayi aja si opusa. Zouma bwino ankagulitsa kwa mavenda a njinga amene amagula powerenga, zachinyezi zolemera zija n'kumasungira kampani. Matenda sanali kusowa firiji ayi, anali sikelo. Ndinalemba kuti aisiye, azigula powerenga ndi poona mmene nsomba yaumira, ndipo ndinanyadira ntchito yangayo.

Malamulo a sukulu amati kumapeto kwa pepala ulembe mayina a anthu amene wacheza nawo ndi manambala awo a foni. Ndinalemba amayi khumi ndi awiri, onse pa nambala imodzi ya mayi Marita, chifukwa pa gulu lonselo foni ndi yomweyo. Onse anadinda chala m'malo mosaina. Kwathu zimenezi si zodabwitsa, ndipo sindinaganizeko kuti pali choti ndifotokoze.

Mphunzitsi wathu, dokotala wa mabuku amene sanatsikepo kuchigwa kuno, anaona nambala imodziyo n'kuiimba. Mayi Marita anamva mawu a m'tauni akuwafunsa mayina a anthu. Kwathu anthu alira kokwanira ndi akuba a pa foni, oti akuuza kuti wapata mphatso kenako akukupukuta. Ndiye anangoyankha m'Chisena kuti nkhabe, ayi, sakudziwa aliyense, n'kudula.

Anandiitanitsa mu ofesi. Anati ndinakhala pansi pa fani ku Chikwawa n'kupeka amayi khumi ndi awiri. Atafika pa zidindo za zala, anaseka.

"Zala khumi ndi zanu zomwe, mayi. Ziwirizi munabwereka kwa ana anu?"

Abale anga! Ine mwana wa msodzi, woleredwa ndi mlamba womwewo, lero ndipeke anthu a kwathu? Mayi anga ondibereka analibe foni mpaka tsiku lowaika, sankatha kulemba dzina lawo. Ndiye kuti nawonso kunalibe? Munthu akhala munthu pokhapokha akhale ndi nambala yakeyake? Ndinafuna kuwayankha mawu oti sakanawaiwala, koma ndinadziluma lilime, chifukwa ankangodikira kuti ndilakwitse. Anandiuza kuti pakatha masiku asanu ndikaonekere ku komiti yosungitsa mwambo, ndipo wopezeka wapeka kafukufuku amachotsedwa, kalata n'kupita kuntchito kwake.

Ndinayesa zonse. Ndinaimbira mayi Marita, anamva chisoni, anati aphunzitsiwo aimbenso. Aphunzitsi anakana, ati tsopano ndawapangira zonena, ndipo mwina ndi azakhali anga. Ndinaganiza zobweretsa amayiwo, koma inali nthawi ya mvula, Makhanga atazingidwa ndi madzi, anthu atasamukira pamtunda. Ndani angakweze amayi khumi ndi awiri m'bwato madzi atakwiya chotero chifukwa cha digiri yake? Ndinatsala ndi khomo limodzi, la a Alufandika, manijala wogula nsomba wa kampani ija, amene ofesi yawo inali ku Bangula. Ndinapita kukawapempha kalata yotsimikiza kuti ndinagwiradi ntchitoyi.

Sanandipatse ngakhale mpando. Zinapezeka kuti nditangochoka kumudzi, amayi aja anakhala pansi n'kugwirizana kuti nsomba zawo sizikweranso pa sikelo. A Alufandika anati ndine wowononga, ndinalowa ngati mwana wasukulu chonsecho ndabwera kudzautsa mavu. Nditawauza kuti Lachisanu ndikuweruzidwa, anati zandikwana, n'kundilozera chitseko.

Ndinabwerera ku Chikwawa nditatheratu. Masiku awiri sindinadye, ndipo sindinganame kuti kunali kusala kwa chikhulupiriro, chakudya chinkangokana kutsika. Pemphero langa linali mkangano weniweni. Ndinkafunsa Mulungu kuti inu munandiona muutsi muja, bwanji mwangokhala chete? Amayi a kutchalitchi kwathu anabwera kudzapemphera nane. Iwo ankapempha chifundo, ine mumtima ndinkapempha zina.

Lachisanu ndinakhala kutsogolo kwa anthu asanu. Wapampando anali mayi wachikulire, pulofesa. Aphunzitsi aja anayala mlandu wawo bwinobwino, ine ndinafotokoza za foni imodzi, koma ndinkaona pankhope za a komitiwo kuti mawu anga akugwera pamwala. Kenako mlembi analowa n'kunena kuti panja pali bambo wa ku kampani, akukana kuchoka asanalankhule. Ndinangoti basi, kwatha, wobwera kudzakwirira manda wafika.

A Alufandika analowa atavala jekete, thukuta lili kamukamu, kalata yodandaula ili m'manja. Sanafunse kuti mlandu wanga unali wotani. Iwo ankaganiza kuti ndikuweruzidwa chifukwa chosokoneza malonda awo, ndiye anabwera kudzathira mafuta pamoto. Anati sukulu indilange kolimba, chifukwa ndinakhala milungu itatu kumudzi kudzaza amayi nzeru zoipa. Anatambasula kalata ija n'kuyamba kuwerenga mayina a oukirawo mmodzimmodzi. Ndinaona wapampando akutsegula tsamba lomaliza la pepala langa, cholembera chikutsika pang'onopang'ono.

"Bambo, anthu amenewa mumawadziwa?"

"Kuwadziwa? Mayi, anthu amenewa andiwondetsa. Foni ali nayo imodzi, ya Marita, ndipo Maritayo ndiye mutu wa zonsezi. Dikirani mudzimvere nokha."

Anaimba pomwepo, n'kukweza mawu kuti tonse timve. Mayi Marita nambala ya a Alufandika amaidziwa, ndiye anayankha msanga, ndipo sanadikire moni. Anayamba kuwasambitsa m'Chisena za sikelo yawo, za nkhuni zimene akhala akuwotcha pachabe. Poti onse anali pamalo amodzi pothawa madzi, foni inayamba kuyenda dzanja ndi dzanja. Uyu atchule dzina lake, athirepo zake, apatse mnzake. Wina anafunsa ngati Rozina ali bwino, ati mwana ameneyo ndiye anatifunsa ngati anthu. Amayi anga opeka aja anakalipa mu ofesi ya sukulu mpaka foni inatha ndalama.

Wapampando anatseka pepala langa n'kunena kuti palibe mlandu. Ndinayang'ana aphunzitsi aja kudikira kuti apepese. Anangoti panali kusamvetsetsana pang'ono. Pang'ono! Munthu wamutcha wabodza, wamutchulira ndi ana ake omwe, ndiye ukuti pang'ono? Mpaka lero sanapepese, ndipo ndikuphunzirabe kuwakhululukira. Musandinamizire kuti ndinafika kale.

Panja a Alufandika anali atazindikira zimene achita. Ndinawatambasulira dzanja n'kunena kuti takhuta, zikomo wa Chisena, iwo anaika manja m'thumba n'kunyamuka. Minibasi yotsika kuchigwa tinakwera imodzi, sanandilankhule mpaka ndinatsika. Pepala lija linakhoza, digiri ndinalandira, ndipo dzina langa kuntchito ndi loyera.

Ndikuthokoza Mulungu amene amawadziwa anthu ake ngakhale amene dziko silinawalembe paliponse. Ndikuthokoza amayi a ku Makhanga ndi amayi a kutchalitchi amene anagwada nane. Inu amene akunamizirani, amene mboni zanu zonse azikana, musataye mtima, pitirizani kugogoda. Koma ndiulule chimene ndinkapempha masiku aja anzanga akupempha chifundo. Ndinkati Ambuye, a Alufandika muwatseke pakamwa, asalankhulenso za ine. Ndinapempha ndi mtima wonse, ndikulira. Abale anga, Mulungu akanandimvera pemphero limenelo, bwenzi lero ndili wabodza.