Mmene ndinasaukitsira mkamwini wanga ku Dubai

Chaka cha 2000 chitangodutsa pang'ono, iwe Tadala uli ndi miyezi isanu, ndinakwera ndege koyamba kupita ku Dubai, ndipo usaseke, chifukwa ulendowo unali wako. Lero ukundiuza kuti kudziko ukukhalako boma limathandiza kulipira kosiyako ana, ngakhale kwa anthu a malipiro apakatikati ngati iwe ndi amuna ako, koma ku Dubai mlendo analibe zotere. Mayi ako Esinati anali nesi, bambo ako ankagwira pakampani ina, ndipo ankakhala m'nyumba zosanja za ku Al Nahda, kumalire ndi Sharjah. Sanali osauka, koma akalipira lendi, yotsalayo sinkafika pa kosungitsa mwana. Tchuthi cha uchembere cha Esinati chinali chitatha, ndipo njira zinali ziwiri: ndipatsidwe chilolezo chokhala kuti ndikulere, kapena ndibwerere nawe ku Dedza ukadali pabere.

Tsiku lina Esinati akuthamangira kuntchito anandiuza kuti mawa mkamwini wanga adzanditengera ku ofesi ya boma, nkhani yake ndi ya mwanayu. Ana inu, sukulu ndinalekera sitandade 2, koma za boma ndinkadziyesa katswiri. Kwathu alembi a feteleza kapena chimanga akamabwera, mbuzi tinkakabisa kwa aneba, wailesi m'nkhokwe, ndipo munthu ankatuluka atavala nsalu yoipitsitsa, nkhope ili ndwii. Dzina langa silinasowepo pamndandanda. Ndiye ndinati mumtima, ana ophunzirawa sadziwa kupempha, ndiwaonetsa ine.

M'mawa ndinatenga chitenje chimene ndinkakolopera khonde, ndinachichapa pang'ono, ndikuvala. Kuphazi patapata wina wobiriwira, wina wofiira, womangidwa ndi waya. Bambo ako atatuluka ndi suti yawo anandiona, anatsegula pakamwa, anatsekanso. Inu a lero mumaseka ndi apongozi anu, mumajambulitsa nawo zithunzi mutakolekana mikono, koma nthawi yathu mkamwini sankayang'ana apongozi kumaso, ndiye angayambire pati kuwauza kuti kavuleni? Anangoyang'ana pansi n'kunena kuti takisi yafika. Ine ndinkaganiza kuti agoma nayo nzeru yanga.

Mu ofesimo munali mozizira ngati ku Dedza mu Juni. Mkulu wovala mkanjo woyera analandira mapepala, anawerenga la malipiro, la nyumba, akugwedeza mutu bwinobwino, ndipo dzanja linali litayamba kale kulowera ku chidindo. Ine ndinaona kuti mwayi ukupita osadandaula munthu. Ndinadzuka pampando, ndinagwada pamatailosi, ndikutulutsa Chingerezi chonse chimene ndinatola kwa azungu a chimanga chaulere.

"Bwana, puwa. No mane, no fudi." Ndinaloza bambo ako, ndikugwira pamimba.

Mkulu uja anayang'ana ine, anayang'ana waya wa patapata, anayang'ananso pepala la malipiro. Analankhula ndi bambo ako mofatsa kwa kanthawi, kenako anabweza mapepala onse n'kuti khalas, kutanthauza kuti zatha. Tinakwera takisi n'kubwerera kunyumba.

Esinati ndiye anandimasulira madzulo, akulira. Ofesiyo sinali yogawa thandizo. Inali yoona ngati mkamwini ali ndi mphamvu zosunga munthu wamkulu, ndipo ine ndinali nditachitira umboni kuti amandigoneka ndi njala. Bambo ako anauzidwa kuti abwerenso ndi kalata yatsopano ya kuntchito ndi mapepala a kubanki, pomwe masiku a viza yanga ya mlendo anali atatsala asanu ndi anayi. Ndinamuona Esinati akupinda timalaya tako n'kumaika m'chikwama changa, kamodzikamodzi. Ine amene ndimakumbukira aliyense amene anabwereka mchere pabanja pathu osabweza, tsiku limenelo ndinasowa womuloza chala.

Kutacha ndinachita chimene amayi anga akanandimenyera. Ndinakakhala pampando woyang'anizana ndi mkamwini wanga, ndikumuyang'ana m'maso.

"Bambo a Tadala, ndakuchititsani manyazi. Kuyambira lero ndikalakwa muzindiuza, ulemuwu utiphetsa."

Akuyang'anabe pansi anati, "Mayi, ndiye poyamba patapata uja atayidwe."

Kalata inatuluka tsiku lachisanu ndi chiwiri. Ulendo wachiwiri ndinapitirira muyezo: duku latsopano, diresi lopemphedwa kwa mayi wina wa ku Chipata wa nyumba yapansi, zibangili mikono yonse, mafuta onunkhira mpaka woyendetsa takisi anatsegula mawindo. Tinapeza mkulu wina, amene sanandiyang'ane n'komwe. Anawerenga, anadinda, anaitana wotsatira. Kuvala konse kuja kunathera kwa woyendetsa takisi.

Ndinakulera zaka zinayi m'nyumba ija, mayi ako osaphonya ntchito, ndipo thandizo la boma la banja lanu linali ine, nkhalamba yosadziwa kulemba dzina lake. Tsono fomu yako yopemphera thandizo la bomayo, mwanawe, usaidzaze ndi nzeru zanga. Funsa kaye kuti akufuna kudziwa chiyani, lemba zimene mumalandira osachotsa osawonjeza, ndipo ukaona wamkulu akupita kukagwa, muuze asanafike pakhomo. Adzakwiya tsiku limodzi, koma mwana adzagona pafupi ndi mayi wake.