Zikhothi Ziwiri za Ulendo wa ku Ulaya

Ine, amene anthu a m'dera lathu amanditchula kuti a Mabuku, wa zaka 68, wokhala m'nyumba yomaliza ya msewu wa kuseri kwa positi ofesi, wopuma pa ntchito yoyang'anira laibulale, ndabwera mwa kufuna kwanga osaitanidwa kudzapereka umboni pa nkhani ya mayi wosoka zovala amene ali m'chitokosi muno, wodziwika kuti Mayi Mabatani. Amene anadandaula kuti mayiwa anaba chikhothi ndi mwana wanga wamwamuna. Chikhothicho chinali cha akazi anga, amene anamwalira mwezi watha.

Akazi anga anali telala. Shopu yawo ili pa mzere wa matelala kumsika, moyang'anizana ndi ya Mayi Mabatani. Anali amanzere, ndipo sizasi yawo munthu wina sankatha kudulira. Pojambula mizere pa nsalu sankagwiritsa ntchito choko ngati anzawo. Ankajambulira kachidutswa kotsala ka sopo wosambira, ponena kuti choko chimadetsa nsalu ya eni ake pomwe sopo amachoka yekha nsalu ikamasitidwa. Kwathu sopo akapyapyala sankatayidwa. Ankaikidwa m'kachitini pawindo la kubafa.

Kale ndili pa ntchito, laibulale inalandira makatoni a mabuku akale. Limodzi linali lofotokoza kadziko kakang'ono ka m'mapiri ku Ulaya. Ndinaliwerenga mpaka chikuto chinathothoka, ndipo akazi anga anachisoka ndi ulusi wa zikhothi. Pa mapu kadzikoko kamabisika konse ukaikapo chala, choncho kunyumba tinkangokatchula kuti Pachala. Ine ndinkawerenga za milatho yake ndi laibulale yake yakale ya pamwamba pa phiri. Iwo ankangoyang'ana makolala a anthu a m'zithunzi n'kumanena amene anasokedwa bwino ndi amene mwini wake anaberedwa.

Chaka chatha ana athu awiri anagwirizana zotigulira matikiti a ndege kuti tikacheze kumeneko milungu iwiri. Tinasankha nyengo yozizira chifukwa akazi anga ankafuna kukaona zikhothi zikugwira ntchito. Ndinakhoma mapu pa khoma la kukhitchini n'kumabaya pini pa malo alionse oti tikafike. Mapiniwo ndinkatenga m'kabokosi ka akazi anga. Ankauza makasitomala kuti anakwatiwa ndi munthu woyamba padziko kumaliza mapini asanasokepo kanthu. Pini imodzi ya mutu wofiira anabaya okha, pa tauni ina imene buku linati ili ndi msewu wa osoka okhaokha.

Anakana kugula zikhothi za m'sitolo. Anasoka ziwiri, changa chotuwa, chawo chofiira ngati njerwa yootcha, cha nsalu yaubweya yochindikala imene anaisunga nthawi yaitali. Zitatha anati chikhothi sichiyesedwa pa galasi. Anapempha wabutchala wa pakona kuti atilole kulowa m'chipinda chake chozizira chosungiramo nyama. Tinalowa tsiku lina masana titavala zikhothizo, n'kuima pakati pa miyendo ya ng'ombe. Wabutchalayo anatseka chitseko, ndipo ali kunja anatiuza kuti tikachedwa atigulitsa pa kilo. Ine ndinayamba kugogoda mano ndipo ndinali woyamba kupempha kutuluka. Iwo anatsala m'katimo, anatuluka pambuyo pake akudzipepesera mphepo ndi dzanja. Anagwira phewa la chikhothi changa n'kunena kuti, "Chanu n'chokongola koma n'chabodza. Chikufuna nsalu yam'kati." Wabutchalayo alipo, angathe kuchitira umboni.

Tinazungulira masitolo kufuna nsalu yam'katiyo. Iliyonse ankaipinda pakati pa zala n'kuibweza. Tisanaipeze anayamba kudwala. Madokotala anatiuza dzina la matendawo tili awiri. Titatuluka m'chipinda cha dokotala anandifunsa ngati ma viza abwera. Ma vizawo anabwera iwo ali kale chigonere kunyumba. Ndinawaonetsa mapasipoti ali pa bedi, ndipo anati chithunzi changa chikuoneka ngati cha munthu wofunidwa ndi apolisi.

Za Mayi Mabatani ndinene izi. Iwo ndi akazi anga akhala akunyozana kuyambira ana athu ali ku pulayimale. Akazi anga ankawatchula kuti Msoko wa Njoka. Iwo ankatchula akazi anga kuti Wamanzere, n'kumafuula kutsidya kwa msewu kuti munthu wosoka masuti aukwati akulephera kugula choko. Ankalandana makasitomala. Koma kamodzi, tikudya, akazi anga anandiuza kuti pa kusoka nsalu yam'kati palibe wowaposa mayiwa mumsika monse, ndipo anati ndikadzaulula adzandisoka pakamwa. Lero ndaulula chifukwa ndili pa polisi.

Matenda atakula, Mayi Mabatani ankabwera kunyumba kawirikawiri. Akalowa kuchipinda ankatseka chitseko, ine n'kumamva akukangana ndili kukhitchini. Zimene ankakangana sindinazimve.

Tsiku lina akazi anga anandipempha kuti nditsitse sutikesi ya ulendo pamwamba pa wodilopu, ati akumva kuzizira. Ndinatulutsa zikhothi zonse ziwiri n'kuwafunditsa. Mawa lake anapempha kachitini ka sopo. Ndinaganiza kuti akufuna kumanunkhiza, popeza fungo la mankhwala linkawadetsa kukhosi. Ndinawabweretsera. Kenako ankandituma kunja pafupipafupi, pena kukagula malalanje, pena kukafunsa za nyengo ya ku Pachala pa kompyuta ya ku laibulale, pomwe nyengoyo ndinali nditawauza kale m'mawa. Ndikabwerako ndinkawapeza atatopa kwambiri, zala zili ndi sopo.

Patapita masiku anandipatsa chikwama chachikulu cha pulasitiki chomanga ndi chingwe cha nsalu. Anati ndi zidutswa zotsala, ndikapatse Msoko wa Njoka kuti aphunzirirepo kusoka. Ndinachinyamula ndekha mpaka kumsika, ndipo ndinachipereka m'manja mwa Mayi Mabatani ndi manja angawa. Sindinachitsegule. Mayiwa anachilandira n'kuchiika pansi pa tebulo. Wosoka nsapato amene amakhala pakhonde la shopu yawo anandiona, ndipo tinapatsana moni.

Nditabwerera kunyumba ndinapeza sutikesi ili yotseka pa bedi. Anandiuza kuti ndiibwezere pamwamba pa wodilopu. Nditainyamula ndinati yapepuka. Anayankha kuti, "Ndi inu mwalimba, a Mabuku. Kundinyamula ine kwakupatsani nyama." Kuyambira tsiku limenelo sutikesiyo sindinaitsegulenso.

Anamwalira Lamlungu m'mawa, ine ndili pambali pawo ndikuwawerengera za msewu wa osoka uja.

Mwana wanga wamwamuna anabwera kumaliro ndipo anatsalira kuti andithandize kulongosola za pakhomo. Mchemwali wake anabwerera kuntchito, koma anapempha kuti chikhothi chofiira cha mayi awo chidzakhale chake. Zotsatirazi sindinazione, ndauzidwa lero ndi mwanayo. Dzulo m'mawa anatsitsa sutikesi n'kupeza mulibe kanthu. Sanandiuze, ati sanafune kundiwonjezera nkhani. Masana anapita kumsika kukatenga makina a mayi ake ku shopu, ndipo poyang'ana kutsidya anaona nsalu yofiira itayalidwa pa tebulo la Mayi Mabatani, yodulidwadulidwa. Anaizindikira. Anafunsa mayiwo, iwo n'kungoti anapatsidwa. Atafunsa chifukwa chake anadula chinthu cha malemu, anakana kuyankha. Mwanayo anakumbukira kuti mayiwa ankalowa kuchipinda masiku a maliro, ndipo anabwera kuno.

Ine dzulo ndinali ku ofesi yogulitsa matikiti a ndege. Ndinapita kukathetsa ulendo wonse, wanga ndi wawo. Mtsikana wa pa kauntala anati ndibwerenso ndi chikalata cha imfa. Ndinakhala pa benchi kunja kwa ofesiyo mpaka anatseka. Nditafika kunyumba mwana wanga anali ataphika, tinadya, za kupolisi sanazitchule.

Lero m'mawa wosoka nsapato uja anabwera pakhomo n'kundifunsa ngati ndikudziwa kuti Mayi Mabatani agona m'chitokosi chifukwa cha chikwama chimene ndinanyamula ine. Ndinavala nsapato n'kubwera kuno, mwana wanga ali pambuyo.

Wapolisi amene akulemba umboni uno anandionetsa katundu amene anatengedwa ku shopu. Ndinapempha kuti ayalidwe pa tebulo, ndipo anatero. Ndinaona izi.

Pali chikhothi changa chotuwa, chotembenuzidwa. M'kati mwake, kumsana konse, pachifuwa ndi mkono wamanja, mwasokedwa nsalu yofiira ya chikhothi cha akazi anga. Mkono wamanzere sunathe. Zidutswa zake zili padera, zobayidwa mapini. Misoko ya m'katimo ndi ya Mayi Mabatani, ndipo palibe pamene yakhota.

Pa zidutswa zimene sizinasokedwe mizere yodulira ikuonekabe. Si ya choko chachikasu chimene Mayi Mabatani amagwiritsa ntchito. Ndi ya sopo. Ndinapempha wapolisi kuti anunkhize, ndipo anavomera kuti ndi sopo wosambira. Mzere uliwonse ndi wonenepa kumanja n'kumapyapyala kupita kumanzere, monga amajambulira munthu wamanzere. Ndakhala ndikuona mizere imeneyi pa tebulo lodyera kwathu moyo wanga wonse wa m'banja, ndipo ndingaizindikire pakati pa mizere ya matelala onse a mumsika. Ya pa zidutswazi ikunjenjemera pang'ono chakumapeto. Muyeso wake sunaphonye.

Chakumanzere m'kati muli thumba lalikulu kuposa la masiku onse. Buku la ku Pachala ndimayenda nalo, ndipo lero linali m'chikwama mwanga. Ndinaliika m'thumbamo pamaso pa wapolisi. Linalowa ndendende.

Kenako wapolisi anandilola kuima pa khomo la chitokosi. Ndinapepesa Mayi Mabatani m'dzina la banja langa. Anandiyang'ana kuchokera kuphewa mpaka m'chiuno n'kunena kuti, "A Mabuku, mwaonda. Wamanzere uja anandisiyira miyeso ya munthu wonenepa. Mukufuna ndimasulenso zonse?" Ndinawafunsa chifukwa chake sanafotokozere mwana wanga kapena apolisi. Anati malemu anawalumbiritsa kuti ndisadziwe kufikira chikhothi chitatha, chifukwa ndikanadziwa ndikanaletsa kudula chofiiracho, ndipo popanda nsalu yam'kati ndikanapeza chifukwa chosapitira. Anati usiku umodzi m'chitokosi ndi nkhani yaing'ono poyerekeza ndi kumva mayi ujayo akunena kuti Msoko wa Njoka sasunga chinsinsi. Anandiuzanso mawu amene malemu ananena powapatsa ntchitoyi, ndipo ndapempha kuti alembedwe monga momwe anandiuzira: "Munthu wangayo amazizidwa msanga. Ine sindipita, koma iye apite atafunda."

Mwana wanga anali kumbuyo kwanga ndipo anamva zonsezi. Anavula chipewa, anagwada pa simenti, n'kunena kuti, "Mayi, ndalakwa." Iwo anamuuza kuti adzuke asang'ambe buluku pa mawondo, chifukwa sadzamusokera. Mwanayo wauza apolisi kuti akuchotsa dandaulo lake. Ndikupempha kuti zilembedwe kuti mwanayu anazindikira nsalu ya mayi ake ali kutsidya kwa msewu, pakati pa nsalu zambirimbiri, ndipo anachita zimene anachitazo poteteza katundu wa mayi ake. Mchemwali wake ndamuimbira foni ndili panja pano. Wati chikhothicho chili pamene mayi ake anafuna, iye angosungiridwa mabatani.

Choncho ndikunenetsa kuti Mayi Mabatani sanabe kanthu m'nyumba mwanga. Zikhothi zonse ziwiri zinatuluka pakhomo panga masana, zili m'manja mwanga, potumidwa ndi mwini wake. Ndikupempha kuti mayiwa atulutsidwe lero, ndiponso kuti katunduyu abwezedwe kwa iwo osati kwa ine, zidutswa zisasokonezedwe ndipo zisasitidwe, chifukwa mizere ya mkono wamanzere ikachoka palibe wina woijambulanso.

Wapolisi wafunsa ngati pali chifukwa choti katunduyu abwezedwe msanga. Chilipo. Ndege inyamuka kumayambiriro kwa mwezi wamawa, mkono umodzi sunathe, mapewa akufunika kubweza, ndipo chikhothi chikatha chiyenera kukayesedwa kaye kwa wabutchala. Ku ofesi ya matikiti ndipitako mawa ndi chikalata chija, kukathetsa tikiti imodzi.

Zimene ndikudziwa ndi zomwezi. Andiwerengera, ndipo alemba monga ndanenera.

Saini ya mboni: a Mabuku
Saini ya wapolisi wolemba: ______________