Malo pa Lole ya Fodya

Aulutsi, ndiwerengereni kalatayi anthu amve. Ndine tenanti pa esiteti ina ya fodya kufupi ndi Kabudula, koma kwathu ndi ku Phalombe. Mkazi wanga adamupeza ndi khansa ya khomo la chiberekero, ndipo adokotala adatipatsa tsiku lokaonekera kuchipatala chachikulu ku Lilongwe. Ife matenanti timaona ndalama fodya akagulitsidwa basi, ndiye yoyendera tidalibe.

Tsiku lomwelo lole ya bwana inkapita ndi mabelo ku okushoni ku Lilongwe komweko. Ndidagwada.

"Bwana, mayiwa akwereko pamwamba pa mabelo, tikatsikira m'njira."

Adamuyang'ana mkazi wanga, n'kugwira mphuno. "Akutaya magazi ameneyu, eti? Fodya amakoka fungo. Ukufuna akandibwezere mabelo onse?"

Fodya ameneyo adasoka ndi manja ake mkazi wangayo. Akazi a bwana atadwala matenda omwewa adakwera ndege.

Tsiku lija lidatidutsa. Lina adatipatsa patali, ndipo mkazi wanga sadalifike.

Atamwalira, bwana adapereka lole yomweyo kuti ikatule maliro kwathu. Kumanda abale anga adachita kuwaombera m'manja bwanawo. Inenso ndidaomba nawo, chifukwa ana anga ndidawasiya pa esiteti pawo.