Mbereko ya Chipani China

Abale anga mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu komwe muliko. Ine ndine mayi wa ku Domwe, sukulu sindinapite nayo patali, koma ndati ndikuuzeni za mantha amene ndinali nawo nditasiya kampanya ya zisankho chifukwa cha maliro.

Nthawi ya zisankho ndinali m'gulu la amayi ovina pamisonkhano ya chipani, ndipo woyambitsa nyimbo ndinali ine. Mtsogoleri wathu anali Dona Marita, mayi wosaseka, amenenso amagawa malo pamsika wathu. Malo amene ndimagulitsirapo mbatatesi anandipatsa ndi iwowo.

Kutatsala milungu itatu kuti tivote, akulu anga a Rozina anamwalira, atangodwala masiku anayi. Anasiya khanda la miyezi isanu, ine ndili ndi wanga woyamwa. Kwathu munthu suvina usanamete maliro, ndiponso mtima wa nyimbo ndinalibe. Ndinangosiya kupita, osatsanzika, poti ndinkaopa kukaima pamaso pa Dona Marita.

Khandalo ndinalitenga ine, koma linkalira osaleka. Linkatonthola pokhapokha ndikalibereka ndi nsalu ya kapulana ya mayi ake, poti inali ndi fungo lawo. Koma kapulanayo malemu anailandira kumsonkhano wa chipani china. Ine osaganizako, ndinapita nayo kuchigayo, nkhope ya mtsogoleri wa enawo ili kumsana kwanga, anthu onse akuona.

Basitu, mbiri inafala kuti ndatembenuka. Anzanga ovina nawo anasiya kundiyankha moni. Ndikamva njinga yamoto ikuima pamsewu ndinkalowetsa ana m'nyumba, n'kumasuzumira pazenera. Ndinafika poganiza zothawira ku Dedza kwa amalume. Pemphero langa linali limodzi tsiku lililonse: Ambuye, malo aja akandilanda, ana awiriwa ndiwadyetsa chiyani?

Lachisanu m'mawa ndikuanika nyemba, ndinangoona Dona Marita ali pakhomo. Khanda linali kumbuyo ndi kapulana yomweyo.

"Iwe, nsaluyi njandani?"

"Nja malemu, amayi. Mwanayu ina saifuna."

"Tam'masula."

Ndinamasula. Anavula kapulana yawo ya chipani chathu n'kumukulunga. Mwana analira mpaka kubanika. Anamubwezera m'nsalu ya mayi ake, iye n'kungoti zii. Dona Marita anaseka, ine koyamba kuona mano awo.

"Wotsutsa weniweni ndi uyu," anatero.

Kenako anakhala pamphasa, maso ali ndi misozi. Anandiuza kuti iwonso analeredwa ndi amayi awo aang'ono, amayi awo atamwalira iwo ali khanda.

"Khala pakhomo ulere ana, nyimbo ayambitsa wina. Malo ako pamsika alipo, wokunena adzayankha kwa ine. Koma nsaluyo uziitembenuza, nkhopeyo iziyang'ana mkati."

Ku kampanya sindinabwererenso. Titameta ndinayambanso malonda pamalo anga omwe aja, ndipo lero ana onse awiri akuyenda, akulimbirana miyendo yanga.

Ndikuthokoza Mulungu, chifukwa yankho la pemphero langa analitumiza kudzera mwa munthu amene ndinkamubisalira. Inu amene muli pachisoni, anthu n'kumakunenaninso, musaleke kupemphera. Iye amadziwa chimene mwabereka kumsana, ngakhale anthu akungoona nsalu. Amen.