Msana wa Abusa Shawa

Pa siteji ya Kapata, mayi wachikulire ndi bambo wina wonyamula Baibulo ankadikira minibasi ya ku Chiparamba.

"Mukupita kukalalikira, abambo?" anafunsa mayiyo.

"Inde, amayi. Ndikaphunzitsa akulu a mpingo za malemu Abusa Shawa, a nthawi ya Fort Jameson. Munawamvapo?"

"Ndinawamvapo."

"Analidi munthu wa Mulungu. Tchalitchi ankasesa okha. Njinga yawo anapatsa mphunzitsi wolumala, iwo n'kumayenda wapansi m'midzi kukaona odwala. Atsogoleri otere kulibenso."

"Zoona. Ankachoka m'bandakucha, pobwera n'kutipeza titagona. Ine ndimakumbukira msana wawo, nkhope ndinaiwala."

"Kodi amayi, ndinu mwana wawo?"

"Womaliza. Abale anga onse anatsogola."

"Ndiye a mpingo ayenera kuti amakuyenderani kawirikawiri."

"Dzina la atate amalitchula paguwa chaka ndi chaka, koma khomo langa salidziwa."

"Pepani, amayi. Nanga ndikanene chiyani kumeneko?"

"Mukanene zonse mwanenazo, palibe bodza. Mukamaliza, mukawauze kuti kuseri kwa tchalitchi chawocho kuli mayi wokalamba amene amakhala yekha. Atate akanamva zimenezo, akanabwera tsiku lomwelo."