A Vitus Sakala, Tcheyamani wa Siteji ya pa Kamwendo

Anamfedwa, mafumu, atsogoleri a mpingo ndi nonse mwabwera kudzakhuza maliro ano, amene tikuwaperekeza lero ndi bambo Vitus Timoteyo Sakala. Anabadwa mu 1966 m'mudzi mwa Kalumbi, kufupi ndi Ludzi, m'boma lino la Mchinji.

Sukulu anaphunzira ku Ludzi, koma analekeza Sitandade 8 bambo awo atamwalira, poti panalibe wina wosamala fodya kumunda. Mu 1990 anamanga ukwati woyera ndi mayi Esitele. Ntchito ya pamsewu anaiyamba ngati kondakitala, ndipo mu 1996 anapeza laisensi n'kuyamba kuyendetsa minibasi ya pakati pa Mchinji ndi Lilongwe.

Pali nkhani imene malemuwa anatilamula ali m'chipatala kuti tisaibise pano. Masiku amenewo a Sakala anali dalaivala wosamva. Ankathamanga liwiro loopsa, pampando wa anthu atatu ankapanikizapo asanu, ndipo akamva kuti apolisi atchinga msewu ankazemba podzera njira za m'midzi. Tsiku lina la msika mu 2004, pa Kamwendo, anaimitsidwa ndi wapolisi wa pamsewu, mayi Keziya Mvula. M'galimotomo munali anthu 26, matayala ali okutha. A Sakala anayesa kuwapatsa kangachepe, koma mayi Mvula anakana, anatsitsa anthu onse n'kutengera a Sakala kukhoti. Anakakhala kundende miyezi isanu ndi umodzi, laisensi n'kulandidwa kwa chaka.

Anatuluka ali ndi mkwiyo. Chimene chinawatembenuza mtima ndi makaniko amene anakonza minibasi ija. Makanikoyo anawasungira paipi ya mabuleki, n'kuwaonetsa pamene inathetheka, nawauza kuti tsiku lija sakanafika ndi ku Namitete komwe. A Sakala anaitenga paipiyo n'kupita nayo kupolisi kukathokoza mayi Mvula pamaso pa anzawo onse. Mayiwo anapuma ntchito, ndipo ali nafe pano.

Mu 2008 madalaivala anawasankha kukhala tcheyamani wa siteji ya pa Kamwendo. Minibasi isananyamuke, iwo eni ankaona matayala ndi kuwerenga anthu. Dalaivala wonunkha mowa ankamulanda makiyi. Ambiri anawada, ena ankawatcha wapolisi wopanda yunifomu, koma iwo ankangoyankha kuti, "Munditukwane muli moyo." Mwana wawo Enoki atagwira chiwongolero wopanda laisensi, anakamupereka okha kupolisi, mayi ake akulira. Lero Enoki akuyendetsa thiraki yodutsa malire, mapepala ake ali okwana. Njinga zamoto za kabaza zitachuluka, anathandiza anyamata oposa makumi anayi kupeza malaisensi ndi zipewa zoteteza mutu. Pa zaka khumi ndi zisanu za utcheyamani wawo, palibe minibasi yonyamuka m'manja mwawo imene inapha munthu.

Kutchalitchi anali msungichuma wa bungwe la abambo komanso woyimba besi m'kwaya ya mphakati wawo.

Anayamba kudwala shuga mu 2021, ndipo anatula udindo mu 2023 maso atayamba kuvuta. Anagonekedwa pa chipatala cha Mchinji sabata ziwiri, ndipo atisiya Lachiwiri m'mawa atalandira masakramenti.

Asiya mkazi wawo mayi Esitele, ana anayi: Enoki, Ivy, Benedict ndi Tiyanjane, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, mchemwali wawo mayi Triza, ndi mng'ono wawo bambo Jobson a ku Chipata.

Ntchito yawo aigwira, ndipo aimaliza bwino. Apumule mu mtendere.