Nambala ya m'magazi inatsika, mwana wanga anabwelela

Abusa, azimai anzanga, abale nonse, ndakupatsani moni m'dzina la Ambuye Yesu. Ndikufuna kuchitila umboni, koma mundipilile, mau anga akhoza kuduka panjila.

Mwana wanga Esinati wakhala pa ukwati ku Chelstone zaka zisanu ndi zinai, kumsana kulibe mwana. Ku chibale cha mwamuna anayamba kumutcha mlendo wongodya. Ndiye iye ndi mwamuna wake anapita ku kachipatala ka ku Woodlands, kumene adokota amatenga mazila a mkazi ndi mbeu ya mwamuna, n'kuzikumanitsa, n'kuzibweza m'mimba. Ine wa giledi seveni sindinamvetse zonse. Ndinangogwada kupemphela.

Patapita masabata awili anamutenga magazi, ine ndili pa benchi. Anesi a pa kachipatalako anati, "Amai, nambala ya m'magazi ikuonetsa kuti mimba yagwila. Koma ifunika ikwele kawili pakapita masiku awili. Musauze munthu."

Abale, ndinamva mau oyamba okha. Ndinasiya tomato wanga pa msika wa Kabwata, n'kukwela minibasi mpaka ku Chunga kwa asewele anga, amake a mkamwini. Ndinafuna ndiwatseke pakamwa. Ndinati, "Uja mumati ndi wouma, kaoneni manje." Analuluta, nane ndinavina.

Masiku awili atakwana, nambala inatsika. Inatsika, abale. Kenaka magazi anayamba kutuluka. Tsiku lomwelo asewele anafika ku Chelstone ndi beseni la mwana ndi zitenge ziwili, akuimba kuyambila pa geti. Anapeza Esinati ali gone pansi.

Atachoka, mwana wanga anandiyang'ana. "Amama, mwatenga za m'mimba mwanga mwakaziyala ngati tomato. Pitani."

Chaka chathunthu foni yanga sanayankhe. Inu amai a m'kwaya munkandifunsa chimene ndaondela, ine n'kumati ndi shuga. Sinali shuga. Ndinkangopempha kuti, Ambuye, za mdzukulu mudziwa ndinu, koma uyu ndinabala ndekha mundibwezele.

Mwezi wathawu foni inalila. "Amama, tayesanso. Mawa atenga magazi. Bwelani, koma pakamwa musiye ku Kabwata."

Ndinapita. Nambala inaoneka, koma yochepa. Masiku awili aja ndinakhala chete, ngakhale Lachinai pa msonkhano wa azimai sindinatchule. Titabwelela, anesi anangoika pepala pa tebulo pang'onopang'ono, ndipo ndinadziwa. Yatsikanso.

Ndinaimilila kuti ndituluke, ndiwasiye ndi mwamuna wake. Esinati anagwila chitenge changa. "Mupita kuti? Khalani." Anaika mutu pa miyendo yanga n'kulila ngati ali wa zaka zisanu. Mkamwini anagwada pambali, nati, "Amai, kwathu ndikanena ndine. Mkazi wangayu sapita kulikonse."

Mdzukulu ndilibe, abale. Beseni lija likali pamwamba pa wodilopu. Adokota akuti akayezanso magazi aone ngati mazila atsala, ndipo sitidziwa. Koma ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphelo la mai wa pakamwa potseguka.

Ndipo musaope kuti ndaululanso. Ulendo uno ndinayamba ndapempha Esinati, ndipo anati, "Kaneneni, mwina alipo wina akulila yekha." Uyo wakhala kumbuyo, wa duku yoyela. Misozi isakuletseni, kondwelani nane. Mwana wanga wabwela nane ku chalichi. Ameni.